Nambala 20 imene ndinalemba ndisanawerenge

Wophunzira unamwino akafika pa wodi yathu tsiku loyamba, ndisanamuonetse kumene timasunga magolovesi kapena amene amasunga kiyi wa kabati ya mankhwala, ndimayamba ndamufunsa wotchi. Ambiri amatulutsa foni. Sindikana kuti foni nayo imawerenga masekondi, koma ndimamuuza kuti pofika Lolemba akhale atapeza kawotchi kokhala ndi muvi wa masekondi, ngakhale kotchipa ka mumsika, n'kukakoleka pachifuwa. Amandiyang'ana ngati munthu wachikale. Mwina ndinedi wachikale. Koma nkhani ya wotchiyi ili ndi pochokera.

Ndinali nditangotha miyezi yowerengeka chiyambireni ntchito pa chipatala china chimene sindichitchula. Unali mwezi wa June, ndipo amene munagonapo ku Zomba nthawi imeneyi mukukudziwa kuzizira kumene kumatsika m'phiri chiperoni chikagwa. Ndinali pa naiti ku wodi ya abambo, anamwino awiri basi, ine ndi asisita ena achikulire. Mabedi anali atadzaza, odwala ena atagona pa matiresi pansi. Pakati pawo panali bambo wina, msodzi wa ku Nyanja ya Chilwa, amene anamubweretsa kuchokera cha ku Kachulu ndipo anagonekedwa chifukwa cha chibayo.

Cha m'ma 10 koloko ndinayamba kuzungulira ndi chati. Nditafika pa bambowo ndinayeza kutentha kwa thupi, ndinayeza BP, ndinagwira pamkono kumva kugunda kwa mtima. Zonsezi ndinayezadi. Panatsala kabokosi kamodzi ka kapumidwe, kolembamo kuti munthu akupuma kangati pa miniti. Ndinayang'ana mzere wa pamwamba: masana 20. Wa pamwamba pake: m'mawa 20. Ndinayang'ana odwala amene anali asanayezedwe, mzere wonse mpaka kuchitseko. Ndinalemba 20.

"Bambo, mukupeza bwanji?"

"Bola, mwana wanga."

Akazi awo anali atakhala pansi pambali pa bedi, atafunda chitenje mpaka kumutu. Ndikuchoka anandikodola. "Anesi, bambowa sakupuma ngati masana." Ndinawayankha mwaulemu ndithu, ndipo ulemuwo ndi umene umandipweteka ndikamakumbukira. Ndinati, "Mayi, ndi chibayocho. Mankhwala alandira kale, tiwapatse mpata agwire ntchito." Ndinapitirira.

Cha m'ma 1 koloko asisita aja anadutsa. Anaima kumiyendo kwa bedi lija, osagwira wodwala, osatsegula fayilo, maso ali pachifuwa cha bambowo kenako pa wotchi yawo. Anandiitana ndi dzanja. "Mwanawe, tabwera. Tawerenga." Ndinawerenga miniti yonse, ndipo miniti imeneyo inali yaitali kuposa naiti yonse. Ndinapeza 34.

"Nanga 20 uyu wachokera kuti?"

Sindinayankhe, ndipo iwo sanadikire yankho. Tinawakhazika tsonga bambowo, tinakoka makina a okosijeni, tinaitana adokotala amene anali pa ntchito usiku umenewo, mankhwala anasinthidwa. Bambowo anachira, anabwerera kunyanja kwawo. Koma zinthu zitakhazikika ndinatenga bolopeni kuti ndikonze chati chija, asisita anandigwira dzanja. "Ayi. Lemba 34 pansi pake ndi nthawi yake. Musiye 20 wakoyo aoneke."

Patapita zaka ndi pamene ndinamvetsa chimene chimachititsa kuti kabokosi kameneka kakhale kofunika chonchi. Thupi la munthu matenda akalipanikiza silithamangira kugwetsa BP. Limayamba lalimbana. Mtima umawonjezera liwiro. Mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo imafinyika kuti magazi atsalire ubongo ndi mtima, n'chifukwa chake manja amazizira. Ndipo munthu amayamba kupuma mofulumira, mwina chifukwa mapapo sakukoka okosijeni wokwanira, mwina chifukwa asidi wachuluka m'magazi ndipo thupi likuyesa kumuchepetsa potulutsa mpweya woipa. Izi zimachitika pa chibayo, pa matenda amene afalikira m'magazi, pa shuga amene wakwera koopsa, ngakhale pa kutaya magazi m'kati mayi akangobereka. BP imagwa kumapeto, makamaka kwa ana ndi achinyamata amene matupi awo amatha kupirira nthawi yaitali. Ukamadikira makina a BP kuti akuuze kuti zinthu zavuta, umamva nkhaniyo mochedwa.

Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka 20 pa miniti. Ndiye mukuona chifukwa chake 20 timamukonda: ali kumalire, saoneka wopeka, komanso sakakamiza aliyense kudzuka pampando. Koma wodwala amene tikumuganizira kuti ali ndi tizilombo m'thupi akafika 22, kale ndiye kuti tiyambe kumuyang'anitsitsa, makamaka BP ya pamwamba ikatsikira ku 100 kapena mutu wake ukayamba kusokonekera. Akafika 30 si nkhani yolemba n'kudutsa. Pali chinyengo china chaching'ono chimene ambiri sitichitcha chinyengo, chowerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa ndi 4. Ukaphonya kupuma kumodzi waphonya kanayi, ndipo wodwala amene amapuma modukizadukiza sungamugwire m'masekondi 15. N'chifukwa chake machati athu adzaza ndi 16, 20 ndi 24. Mukadzatsegula fayilo n'kupezamo 19 kapena 23, dziwani kuti pamenepo panaima munthu.

Kaluso kake n'kakang'ono. Usamuuze wodwala kuti ukuwerenga kapumidwe kake, chifukwa munthu akadziwa amasintha, ena amabanira mpweya, ena amapuma mokokomeza kuti akuthandize. Ukamaliza kumva kugunda kwa mtima pamkono, usachotse zala. Yang'ana wotchi ngati ukadali pa zomwezo, koma diso likhale pachifuwa.

Tsopano ndibwerere kwa "bola" uja. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kuunika wodwala kuli mbali ziwiri, zimene iye akunena ndi zimene iwe ukupeza, ndipo tinaloweza zonsezi m'Chingerezi kuti tikhoze mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi. Chimene sichinali m'manotsi n'chakuti Chichewa cha wodwala chimafuna kumasuliridwa ngakhale kwa ife eni chinenero. Munthu wamkulu kuno sadandaula kwa mwana amene akumusamalira. "Bola" angatanthauze kuti ndikupezadi bwino, angatanthauzenso kuti sindikufuna kukuvutitsani, kapena kuti nditulutseni ndikaone mbewu zanga. "Ndikudwala malungo" sikuti nthawi zonse ndi malungo a udzudzu. Kwa ambiri malungo ndi kutentha thupi kulikonse, kuphwanya m'thupi, ngakhale kutopa, ndipo n'chifukwa chake timabaya chala kuyeza tisanapereke mankhwala a malungo a LA. "Mtima ukundipweteka," koma ukati "tandilozerani ndi chala chimodzi", chala chimapita pamwamba pa mimba, pamene zilonda za m'mimba zimawotchera. Nthawi zina chala sichipita paliponse, mayi amangogwetsa misozi, ndipo umazindikira kuti mtima umene akunenawo si wa m'buku lathu. Mtsikana akati "m'mimba" maso ali pansi, achimwene ake ataima pambali, yamba wawapempha achimwenewo kuti akagule madzi akumwa, kenako funsa za kumwezi.

Funso lakuti "zinayamba liti?" nalo lili ndi njira yake. Agogo sangakuuzeni kuti masabata 6. Anena kuti chifuwachi chinayamba tikukolola chimanga, kapena kuti chichitikireni maliro a amfumu. Kuwerengera ndi ntchito yako. Ndipo chifuwa chikakhala chotenga nthawi, mafunso a TB amabwera okha: thukuta la usiku, kutentha thupi, kuwonda, ndiponso ngati kunyumba kuli wina amene akutsokomola. Kuno ku Zomba palinso nkhani ya chilankhulo. Agogo ochokera cha ku Domasi kapena ku Malosa amafotokoza m'Chiyao kwa miniti yathunthu, manja akuloza uku ndi uku, ndiye mdzukulu womasulira amangoti, "Akuti mutu." Ndinaphunzira Chiyao chochepa chifukwa cha adzukulu oterewa. Ngakhale "Ajimwiche uli?" yekha amamasula nkhope ya munthu.

Funso limene ndinalifunsa molakwika kwa zaka zambiri ndi la mankhwala. "Mwamwapo mankhwala alionse?" Yankho nthawi zonse ndi ayi, chifukwa panado ndi bufeni wa pagolosale ambiri samuwerengera, ndipo achikuda sangawatchule kwa munthu wovala zoyera. Masiku ano ndimati, "Musanaganize zobwera kuno, munayesako chiyani kunyumba?" Funso limeneli limavomereza kuti munthu wanzeru amayamba wayesa, ndiye amakuuza zonse, makapisozi atatu amene anatsala kwa mnansi, ndi botolo la mizu. Ndikaona mphini zatsopano pamimba kapena pachifuwa sindikalipa. Mphinizo zimandiuza pamene pakupweteka ndi nthawi imene ululu unayamba, mwina molondola kuposa mwini wake. Za ma ARV sindifunsa mokweza pa wodi yodzaza, chifukwa ndinakumanapo ndi anthu oyenda ndi mabuku a kuchipatala awiri, lina loonetsa abale, lina lenileni lili pansi pa chikwama.

Zoyeza ndi thupi lako zili zinayi, ndipo aliyense amene anadutsa pa Malawi College of Health Sciences kuno ku Zomba kapena ku St Luke's ku Malosa angazitchule ali m'tulo: kuyang'ana, kupapasa, kugogoda ndi kumvetsera. Pamimba pokha timamvetsera tisanapapase, kuti tisasokoneze kulira kwa matumbo. Sindikhalitsa pa zimenezi. Ndikhalitse pa chinthu chimodzi chimene mabuku ambiri amene tinaphunzirira sanatithandize: zithunzi zake ndi za khungu la azungu. Buku limati yang'ana kufiira, yang'ana kutuwa, yang'ana milomo yobiriwira. Pa khungu lathu zimenezi sizioneka choncho. Kuchepa kwa magazi timakufuna m'zikhatho, m'kati mwa zikope za m'munsi ndi pa lilime. Kusowa kwa okosijeni timakufuna pa lilime ndi m'nkhama. Chikasu timachifuna m'maso, ndipo chimafuna kuwala kwa dzuwa. Pansi pa babu la usiku mwana wa chikasu amaoneka ngati anzake onse, ndiye mutengereni pawindo. Chilonda cha mgonagona pamatako kapena pachidendene sichiyamba ndi kufiira koonekera patali ayi. Pamangoda pang'ono kuposa pozungulira, pamatentha kapena kulimba, ndipo dzanja ndi limene limapeza diso lisanaone.

Zonsezi sizitheka bulangeti lili chifundire. M'nyengo yozizira wodwala amadzikulunga, iwe umamumvera chisoni, umangotulutsa mkono umodzi n'kuyeza BP. Pansi pa bulangeti ndi pamene pali mwendo umodzi wotupa, diripi yotuluka mumtsempha, mimba yofufuma, matiresi onyowa kapena ouma kuyambira dzulo. Pempha chilolezo, tchinga ndi nsalu ngati ilipo, tenthetsa manja ako powapekesa, kenako vundukula mbali imodzi n'kufunditsanso. Ndipo funsa, "Mwataya madzi liti komaliza?" Impso zikayamba kuuma zimanena msanga, koma zimanena kwa wofunsa yekha. Nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023 tinaphunziranso kudalira zala: kutsina khungu la pamimba n'kuona ngati likubwerera msanga kapena likutsala chiimire kupitirira masekondi 2, kuyang'ana maso olowa, kumva kugunda kwa mtima kofooka ngati ulusi. Munthu wa kolera amatha kuuma m'maola ochepa, ndipo palibe makina amene ankatiuza zimenezi mofulumira kuposa zala.

Ku ana ndiye kumene dziko lathu linaphunzitsako dziko lonse, ndipo ndimadabwa kuti ophunzira ambiri sadziwa. Njira ya ETAT, yosankhula ana odwalitsitsa pamzere kuti athandizidwe msanga, inakulira ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux anagwira ntchito zaka zambiri, ndipo bungwe la WHO linaitulutsa m'mabuku ophunzitsira mu 2005. Mfundo yake ndi yoti mzere wa kuchipatala si mzere wa kuchigayo. Namwino amadzuka, amayenda pamzerewo, amayang'ana mwana aliyense kwa masekondi ochepa: njira ya mpweya ndi yotseguka? akupuma bwanji? manja ndi ofunda? ali maso kapena wakomoka, kapena akugwedezeka? wauma? Mwana amene akulira mokuwa amakopa aliyense, koma amene ndimamuopa ine ndi uja ali duu kumbuyo kwa mayi wake, mutu uli lende, mayi akuti "wagona". Masulani mbereko, mayi, timuone.

Palinso Blantyre Coma Score, njira yoyezera mmene mwana wakomokera, imene Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anaitulutsa mu 1989 pofufuza ana a malungo a muubongo. Akuluakulu timawayeza ndi ya Glasgow ya mu 1974, imene imayambira 3 kulekeza 15, koma imeneyo imafuna munthu woyankha mafunso. Mwana wa chaka chimodzi sungamufunse kuti lero ndi lachingati. Ya Blantyre imayang'ana ngati maso akutsatira nkhope ya mayi, mmene mwana akuchitira ukamupweteka pang'ono, ndi kaliridwe kake, ndipo imayambira 0 kulekeza 5. Akapeza 2 kapena kutsika, ndiye kuti wakomoka kwenikweni, ndipo chinthu choyamba kukumbukira ndi shuga wa m'magazi, chifukwa akatsika amapha mwakachetechete pamene kumukweza n'kosavuta.

Manambala a kapumidwe ka ana ndi osiyana, ndipo awa ngakhale alangizi a zaumoyo kumudzi amawadziwa pamtima: khanda losakwana miyezi 2 likafika 60, mwana wa miyezi 2 mpaka chaka akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika 40, ndiye kuti akupuma mothamanga. Apa miniti yathunthu siikambirana, ndipo mwana akhale ali phee, osati akulira. Kwezani malaya muone ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati akamakoka mpweya. Kalamba koyezera mkono nako n'kachida kodabwitsa, kapepala chabe ka mitundu itatu: kuchepera masentimita 11.5 ndi pofiira, mwana wanyentchera koopsa, kufika 12.5 ndi pachikasu. Koma kalambako kakhoza kukunamiza mwana akatupa, ndiye dinikiza pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi 3. Pakatsala zibowo, ameneyo si wonenepa, ngakhale agogo ake akunyadira.

Makina sindidana nawo. Covid-19 atafika mu 2020, mpaka nyumba ya boma ya kuno ku Zomba kusandutsidwa chipatala chongoyembekezera kumayambiriro kwa 2021, tinayamba kuona tizida tokoleka pachala toyezera okosijeni pafupifupi paliponse, ndipo tapulumutsa anthu ambiri. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba, ndipo kutsika pa 90 ndi nkhani ya okosijeni pompopompo. Koma kachidaka kamasokonezeka chala chikazizira, chikhadabo chikapakidwa utoto, kapena wodwala akamanjenjemera, ndipo n'zodziwika tsopano kuti pa khungu lakuda nthawi zina kamaonetsa nambala yokwera kuposa mmene zilili m'magazi. Ndiye kakati 94 pamene munthu akupuma ka 32, mapewa akukwera, sakutha kumaliza chiganizo, ine ndimakhulupirira munthuyo. BP nayo chimodzimodzi. Mayi watsika kabaza, wakwera chitunda wapansi, akuopa jakisoni, iwe n'kumukulunga lamba wamng'ono pamkono wonenepa, pamwamba pa juzi, nambala ituluka yokwera basi. Mukhazikeni mphindi 5, msana utatsamira, mapazi pansi, mkono molingana ndi mtima, lamba womukwana. Ikabwerezabe 140/90 ndi pamene tiyambe kukambirana za kuthamanga kwa magazi. Kupatula mayi woyembekezera amene wadutsa masabata 20: ameneyo akafika pamenepo, n'kuwonjeza mutu, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kutupa nkhope, palibe zoti abwerenso sabata yamawa.

Chimene chimandikwiyitsa pa ntchito yathu, ndinene mosabisa, si kuchepa kwa zipangizo kokha. Ndi kuyeza kongodzaza mabokosi, kumene nambala imalembedwa koma palibe amene waiyerekeza ndi ya m'mbuyo. Kugunda kwa mtima kwa 98 n'kwabwinobwino, kuli pakati pa 60 ndi 100. Koma ngati m'mawa kunali 72, masana 84, madzulo 98, kwa munthu amene wachokera ku fiyeta dzulo, ndiye kuti penapake pakudontha kapena pakutukusira. Ndimadziwa yankho la anzanga, chifukwa ndi langanso: odwala 50, manja awiri, miniti imodzi kwa aliyense ndi pafupifupi ola lathunthu la kapumidwe kokha. N'zoona. Sindinama kuti ndimawerengera aliyense miniti yonse usiku uliwonse. Chimene ndimachita n'chakuti polandira lipoti ndimayenda wodi yonse kaye manja ali kumbuyo, kusankha anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene nkhope zawo sizikundisangalatsa, ndipo amenewo ndimawawerengera mokwanira komanso mobwereza. Kumene sindinawerenge ndimasiya kabokosi kopanda kanthu. Kabokosi kopanda kanthu kamachititsa manyazi pa raundi ya m'mawa, koma sikagoneka aliyense tulo tabodza.

Ndipo ndimafunsa magadiyani. Mayi amene wakhala pansi pambali pa bedi usana ndi usiku, akumwetsa phala, akutaya mkodzo, akumva kupuma kulikonse, amadziwa kusintha kumene ine wodutsa kawiri pa shifiti sindingakuone. Sangatchule nambala, koma akati "sakupuma ngati masana" kapena "lero akulankhula zosamveka", wanena zimene chati chonse chimafuna kunena. Mayi a ku Kachulu aja anandipatsa lipoti lolondola maola atatu asisita asanafike. Masiku ano ndikalowa pa wodi ndimati, "Amayi, inu ndinu mwagona nawo, tandiuzani mwaona chiyani usikuwu," ndipo ndimaima n'kumva mpaka amalize.

Sabata yathayi mtsikana wina wa chaka choyamba anandiitana pa bedi la agogo ena amene anagonekedwa ndi bala la shuga paphazi. Wotchi anali ataigula kale, akuti pa Mpondabwino, ya ana, lamba wake wapinki. Lambayo anachotsa n'kuikoleka ndi pini pa yunifomu. Anati, "Asisita, ndapeza 27, koma m'mawa analemba 20. Mwina ndalakwitsa." Ndinagwira mkono wa agogowo ngati ndikumva mtima, tinakhala chete tonse awiri. Ine ndinapeza 26.

"Ndilembe iti?"

"Lemba yako, ndi nthawi yake. Ukatero uyeze kutentha ndi shuga, ine ndikumasula bandeji tione balali. Kenako uthamange ukaitane adokotala."